Nyumba ikhale yanu, malo akhale a tonse: mmene mungayambitsire bungwe losunga malo

Nyumba ikamakalamba denga limachita dzimbiri, zipupa zimang'aluka, mapaipi amayamba kudontha. Koma m'mizinda yambiri mukati muigulitse patapita zaka 10, mumapeza mtengo wake utakwera. Chimene chakwera ndi dothi limene nyumbayo yakhalapo, chifukwa pafupi padutsa msewu, pamangidwa sukulu, ndipo ofuna kukhala kumeneko achuluka. Mtengo wa dothi umathamanga pamene malipiro amayenda chokwawa, choncho banja lopeza zochepa limangokalambira m'nyumba ya lendi.

Bungwe losunga malo, limene pa Chingerezi amati community land trust kapena CLT, limalekanitsa nyumba ndi dothi. Bungwe losapanga phindu limakhala mwini malo ndipo siliwagulitsanso. Banja limagula nyumba yokha pa mtengo wotsika, malowo n'kuwatenga pa lizi (pangano lobwereka malo) yaitali, kawirikawiri ya zaka 99. Posinthana ndi mtengo wotsikawo, banjalo limasaina kuti tsiku lodzasamuka lidzagulitsa nyumbayo kwa banja lina lopeza zochepa, pa mtengo wowerengedwa m'njira imene anagwirizana pachiyambi. Thandizo limene linalowa pa nyumbayo silichoka ndi wogula woyamba. Limatsala pomwepo kudikira wotsatira.

Tinenetu kuti iyi si njira yolemererapo. Wogula amapeza pokhala pamene palibe angamuthamangitse, amabweza ngongole yodziwika mwezi ndi mwezi, ndipo pochoka amatenga kangachepe. Phindu lalikulu la kukwera kwa malo amalisiya. Amene sanamve bwino mfundo imeneyi pogula ndi amene amadzakokana ndi bungwe pogulitsa.

Choyamba: werengani thumba la amene mukufuna kuwathandiza

Magulu ambiri amayamba ndi kusaka malo. Inu yambani ndi pepala ndi pensulo. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza, muwasinthe ndi a kwanu.

Tinene kuti banja limapeza 4,000 pamwezi. Muyeso umene mabungwe ambiri amatsata ndi wakuti zonse zokhudza nyumba zisapitirire 30 peresenti ya ndalama zimene banja limapeza, ndiye kuti 1,200. Pamenepa chotsani msonkho wa nyumba ndi inshuwalansi, tinene 250. Ndalama ya lizi, 50. Ndi ina 50 yosungira kukonza nyumba. Yatsala 850 yobwezera ngongole. Ngongole ya zaka 30 pa chiwongola dzanja cha 6 peresenti imafuna pafupifupi 6 pamwezi pa 1,000 iliyonse imene mwakongola, choncho 850 ikukwanira ngongole ya pafupifupi 141,000. Ngati nyumba yoteroyo pamodzi ndi malo ake ili pa 200,000 pamsika, dzenje loti mukwirire ndi la pafupifupi 60,000 pa nyumba imodzi.

Bwerezani masamuwo ndi chiwongola dzanja cha 8 peresenti. Tsopano 1,000 iliyonse ikufuna 7.34 pamwezi, banja lomwe lija likukwanitsa 116,000 yokha, dzenje lakula kufika 84,000. Ndondomeko imene imagwa chiwongola dzanja chikangokwera pang'ono si yopita nayo kwa opereka thandizo. Nthawi zina mudzapezanso kuti ngakhale malo atakhala aulere, mtengo womangira wokha ukuposa zimene banja lingakwanitse. Zikatero mukufunika thandizo lina la ndalama zomangira, kapena nyumba zocheperako.

Chachiwiri: pitani kwa loya wa za malo ndi mafunso awa

Kodi lamulo limalola kuti nyumba ikhale ya wina, malo a wina, zonse n'kulembedwa m'kaundula wa boma? Kodi lizi ingatalike zaka zingati, ndipo khoti lingalemekeze pangano loletsa kugulitsa pa mtengo wa pamsika? Kodi pali lamulo lopatsa mwini lizi ufulu wogula malowo mokakamiza?

Mayankho amasiyana dziko ndi dziko. Ku United States amagwiritsa ntchito lizi ya zaka 99 yotha kuwonjezeredwa. Ku France lizi yotchedwa bail réel solidaire, imene inakhazikitsidwa mu 2016, imakhala ya zaka 18 mpaka 99, ndipo imayambiranso nyumba ikagulitsidwa. Ku England lamulo la Housing and Regeneration Act la 2008 ndi limene linafotokoza kuti CLT ndi chiyani, koma kumeneko eni lizi ambiri ali ndi ufulu wogula malo a nyumba yawo, choncho mabungwe amasamala kwambiri kalembedwe ka lizi. Funso lachitatu lija musalidumphe. Banja limodzi likangotha kugula malo, nyumba imeneyo yatuluka m'bungwe mpaka kalekale.

Chachitatu: lembetsani bungwe, mugawe mipando patatu

Lembetsani bungwe losapanga phindu, ndipo m'malamulo ake mulembe dera limene lidzagwiremo ntchito. Aliyense wokhala m'deralo athe kukhala membala, ndipo aliyense wokhala pa malo a bungwe akhale membala mosachita kupempha.

Bodi yachizolowezi imagawidwa patatu mofanana: gawo la okhala pa malo a bungwe, gawo la anthu ena a m'dera, ndi gawo la oimira zofuna za anthu onse, monga akhonsolo, azipembedzo kapena odziwa za ndalama ndi malamulo. Pa mipando 12, ndiye kuti 4, 4, 4. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Eni nyumba akachuluka pa bodi, tsiku lina mitengo ikadzakwera adzavota kuti malire a mtengo wogulitsira nyumba achotsedwe. Akuluakulu akachuluka, okhala m'nyumbazo amasanduka alendi opanda mawu. Pogawa patatu palibe gawo limene lingapambane lokha.

Mulembenso zinthu ziwiri zovuta kusintha: kuti kugulitsa malo kapena kusintha njira yowerengera mtengo kufune mavoti awiri mwa atatu a bodi komanso chilolezo cha mamembala, ndi kuti bungwe likadzatha malo adzapite ku bungwe lina la cholinga chomwecho, malizi onse osakhudzidwa.

Chachinayi: pezani malo, koma osati pa ngongole

Bungwe limene anthu ambiri amalitenga ngati loyamba la mtunduwu ndi New Communities, limene linayamba mu 1969 pafupi ndi Albany m'chigawo cha Georgia ku United States. Slater King, Charles Sherrod, Shirley Sherrod ndi Robert Swann anali ena mwa oliyambitsa, pofuna kuti alimi akuda amene ankathamangitsidwa m'minda ya azungu akhale ndi poponda. Anagula maekala oposa 5,700, ambiri pa ngongole, thandizo la boma limene ankayembekezera litatsekerezedwa. Kunadza chilala, ngongole za boma zothandiza alimi anawamana chifukwa cha tsankho, ndipo pofika 1985 malo onse anali atatayika. Nzeru yawo inafalikira, koma phunziro lake ndi lowawa: ndalama ya lizi imakhala yochepa dala, singabweze ngongole ya malo.

Malo abwere ngati mphatso, pa mtengo wotsika kwambiri, kapena agulidwe ndi ndalama za thandizo zosabweza. Ku Burlington m'chigawo cha Vermont khonsolo inapereka madola 200,000 mu 1984, Bernie Sanders ali meya, kuyambitsa bungwe limene lero limatchedwa Champlain Housing Trust. Ku Boston, anthu a ku Dudley Street anapatsidwa mu 1988 mphamvu zotenga malo opanda kanthu a eni amene anawataya, powalipira. Ku San Juan, Puerto Rico, lamulo la 2004 linatsegula njira yoti malo a boma a m'mbali mwa ngalande ya Caño Martín Peña apite ku bungwe la anthu amene anamangapo kale popanda mapepala. Mu 2009 lamulo lina linawalanda malowo, ndipo anawabwezera mu 2013 atalimbana kwambiri. Choncho malo a boma mukapatsidwa, thamangirani kuti umwini ulembedwe m'kaundula m'dzina la bungwe. Lonjezo la andale limatha ndi chisankho.

Malo aulere muwaunike kuposa ogula, pajatu chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Fufuzani m'kaundula ngati palibe chikole, msonkho wotsalira kapena mkangano wa chuma chamasiye. Oyeza malo atsimikize malire. Funsani ngati malowo amaloledwa kumangapo nyumba zokhalamo, ngati samasefukira madzi, ngati dothi silinaonongeke ndi mafuta kapena zinyalala za fakitale, komanso kuti kukokera madzi, magetsi ndi msewu kudzadya zingati. Puloti yaulere imene ili kutali ndi paipi ya madzi imatha kudula kuposa yogula.

Chachisanu: gwirizanani njira yowerengera mtengo wogulitsira

Apa ndiye pagona nkhani yonse, ndipo musathamange. Njira imene mungasankhe iyenera kukondweretsa anthu awiri amene zofuna zawo zimatsutsana: wogulitsa, amene akufuna kuchoka ndi kanthu m'manja, ndi wogula wa mtsogolo, amene simunamuone n'komwe ndipo sadzakhalapo pa msonkhano wanu kuti adzilankhulire.

Njira yoyamba ndi yogawana phindu. Katswiri woyeza mtengo amayeza nyumba pogula ndiponso pogulitsa, ndipo wogulitsa amatenga gawo la kusiyanako. Champlain Housing Trust imapereka 25 peresenti. Tibwerere ku nyumba yathu ija: pamsika 200,000, banja linalipira 140,000. Patapita zaka 8 yayezedwa pa 280,000, ndiye kuti yakwera ndi 80,000. Gawo la wogulitsa ndi 20,000, mtengo watsopano ndi 160,000. Taonani kuti thandizo lija la 60,000 tsopano lakula kufika 120,000 popanda wina kuwonjezerapo kanthu. Mabungwe ena amawerengera 25 peresentiyo pa gawo lokhalo limene banja linalipira. Poti 140,000 ndi 70 peresenti ya 200,000, amatenga 70 peresenti ya 80,000, imene ndi 56,000, ndipo gawo la wogulitsa limakhala 14,000, mtengo n'kukhala 154,000. Kusiyana kwa 6,000 kumeneku kulembedwe momveka bwino, chifukwa n'kokwanira kudanitsa anthu. Vuto la njirayi limaoneka msika ukapenga: mitengo ikawirikiza kawiri, ngakhale 25 peresenti imasiya malipiro kumbuyo. Komanso kuyeza kumafuna ndalama ndipo kumabweretsa mikangano.

Njira yachiwiri ndi yowonjezera peresenti yokhazikika chaka chilichonse, kawirikawiri pakati pa 1 ndi 2. Pa 1.5 peresenti, 140,000 imawonjezereka ndi 2,100 pachaka, ndipo pa zaka 8 imafika 156,800. Ngati peresentiyo ikuwerengedwa pamwamba pa zowonjezera za zaka zam'mbuyo, imafika pafupifupi 157,700, choncho nenani kuti mukutanthauza iti. Ubwino wake ndi wakuti mwini nyumba amatha kudziwerengera yekha ali pakhonde. Koma kumene ndalama imagwa mphamvu msanga njirayi imamudyera masuku pamutu: zinthu zikamakwera ndi 15 peresenti pachaka, nyumba yake n'kumakwera ndi 1.5, pochoka sangagule ngakhale puloti.

Njira yachitatu imamangiriza mtengo ku malipiro a anthu a m'dera. Malipiro akakwera ndi 12 peresenti, mtengo ukweranso ndi 12. London CLT inachita zimenezi pa nyumba 23 za ku St Clement's ku Mile End. Ife timaona kuti imeneyi ndi imene imasunga bwino cholinga, bola pakhale manambala odalirika a malipiro otuluka chaka ndi chaka. Kumene kulibe, ena amatsata muyeso wa boma wa kukwera mitengo kwa zinthu, ngakhale umenewu umatha kuthamanga kuposa malipiro.

Musanavote, tengani manambala enieni a kwanu a zaka 15 kapena 20 zapitazo, muyese njira zonse zitatu pa banja lochoka patatha zaka 3, 8 ndi 20. Ndipo njira iliyonse imene mwasankha, onjezerani mawu akuti nyumba idzagulitsidwa pa mtengo wowerengedwawo kapena wa pamsika, kutengera umene uli wotsika. Msika umagwanso.

Patsala nkhani ya zowonjezera pa nyumba. Munthu akamanga chipinda china, n'chilungamo kumubwezera kenakake. Koma mukamabweza chilichonse, matailosi odula ndi khitchini yapamwamba zidzakweza nyumba kupitirira thumba la wotsatira. Lembani mndandanda wa zimene zimabwezedwa, chilolezo chiperekedwe ntchito isanayambe, malisiti asungidwe, ndipo mtengo wake uzitsika ndi zaka. Kupenta ndi kukonza zoonongeka si kuwonjezera, ndi udindo wa mwini nyumba.

Chachisanu ndi chimodzi: lembani lizi

Kuwonjezera pa njira yowerengera mtengo, lizi inene kuti mwini nyumba azikhalamo yekha, mwachitsanzo miyezi yosachepera 8 pachaka, ndipo asaichititse lendi popanda chilolezo. Inene ndalama ya lizi ndi nthawi imene ingakwezedwe. Ipatse bungwe ufulu woyamba kugula nyumba ikamagulitsidwa, ndi masiku oti liyankhe, monga 45 kapena 60, kuti wogulitsa asamangodikira. Ifotokoze za imfa: kawirikawiri mkazi, mwamuna kapena ana amalowa m'nyumba pa lizi yomweyo, pamene achibale ena ayenera kukwaniritsa muyeso wa ndalama, apo ayi agulitse n'kulandira mtengo wowerengedwa. Iletsenso kutenga ngongole ina pa nyumbayo bungwe lisanavomere. Pamenepa ndi pamene anthu ambiri amagwera: wobwereketsa wosamvetsa amapereka ngongole potengera mtengo wa pamsika, banja n'kukhala ndi ngongole yoposa zimene nyumba ingagulitsidwe.

Liziyo ilembedwe m'kaundula, ndipo pakhale chidule cha masamba awiri m'chilankhulo chimene wogula amalankhula kunyumba.

Chachisanu ndi chiwiri: kambiranani ndi banki musanakumbe maziko

Banki imafuna kudziwa chinthu chimodzi: ngongole ikalephereka idzagulitsa chiyani, kwa ndani? Chikole chake ndi nyumba ndi lizi, malo ayi. Mabanki ambiri amafuna kuti akalanda nyumba malire a mtengo achoke, ndipo ku United States pali chikalata chonena zimenezi chimene amachiphatika ku lizi, chovomerezeka ndi Fannie Mae, bungwe lalikulu logula ngongole za nyumba ku mabanki. Mungavomere, koma posinthana ndi zinthu zitatu: banki idziwitse bungwe wokongola akangoyamba kuphonya, bungwe likhale ndi ufulu wolipira zotsalirazo m'malo mwake, ndipo likhale loyamba kugula nyumbayo isanapite kumsika. Pezani mabanki osachepera awiri. Imodzi ikadzasintha maganizo, nyumba zanu zisadzasowe ogula.

Pitaninso ku ofesi ya msonkho kukapempha kuti nyumba ziziyezedwa pa mtengo umene zingagulitsidwedi. Kupanda kutero banja lizilipira msonkho wa nyumba ya 280,000 pamene yake singapitirire 160,000.

Chachisanu ndi chitatu: sankhani ogula poyera

Lembani ndi kulengeza muyeso musanalandire kalata ngakhale imodzi: malire a ndalama zimene banja limapeza, kukula kwa banja, zaka zimene lakhala m'dera. Oyenerera akachuluka, chitani maere pamaso pa anthu kapena mupereke mapointi olembedwa. Wa pa bodi amene m'bale wake wapempha nyumba atuluke m'chipinda. Mphekesera imodzi ya kukondera imaononga dzina limene mwamanga zaka zisanu.

Wogula aliyense aphunzire za ngongole ndi kasamalidwe ka nyumba, aonane ndi loya amene si wa bungwe, kenako asaine kalata yonena m'mawu osavuta kuti wamvetsa kuti malo si ake ndipo sadzagulitsa pa mtengo wa pamsika. M'pempheni awerengere yekha mtengo wa nyumba yake patapita zaka 8. Akalephera, sanamvetse, ndipo musapitirize.

Makiyi akaperekedwa ntchito ndiye yayamba

Womanga nyumba wamba akagulitsa amaona msana wa njira. Bungwe losunga malo limatsala pomwepo zaka 99, ndipo ntchito imeneyi imafuna munthu wolipidwa. Ndalama zake zimachokera ku lizi, ku kagawo kochepa kamene bungwe limatenga nyumba ikagulitsidwa, ndi ku thandizo. Bungwe la nyumba 10 kapena 20 silingalipire wantchito ndi ndalama ya lizi yokha: 50 pamwezi pa nyumba 20 ndi 12,000 pachaka basi. Ngati mudzakhala ochepa chonchi, gawanani wantchito ndi mabungwe ena kapena mukhale pansi pa bungwe lalikulu. Odzipereka amatopa, amasamuka, amamwalira, ndipo mafayilo amasowa nawo.

Ndalama ya lizi ili ndi ntchito ina yobisika. Banja likayamba kuvutika, imeneyi ndi imene limayamba kuphonya, banki isanadziwe kanthu. Ikachedwa miyezi iwiri, imbani foni, osati kukaopseza koma kukafunsa chimene chachitika. Kafukufuku wa Emily Thaden anapeza kuti kumapeto kwa 2010, pamene anthu ambiri ku United States ankalandidwa nyumba, ngongole za m'mabungwe amenewa zimene zinali pa njira yolandidwa zinali 0.46 peresenti, pamene pamsika wamba zinali 4.63 peresenti. Mbali yaikulu ya kusiyanaku imachokera ku ngongole zosankhidwa bwino ndi kulowererapo msanga.

Kamodzi pachaka tsimikizani kuti mwini nyumba akukhalamo, inshuwalansi ikadalipo, ndipo m'tumizireni kalata yomuuza mtengo wa nyumba yake malinga ndi lizi, kuti tsiku logulitsa asadzadzidzimuke. Samalaninso za kukonza. Munthu wodziwa kuti denga latsopano silidzakweza mtengo wogulitsira amatha kulisiya lidonthe, wotsatira n'kudzalandira bwinja. Ndalama yosungira kukonza ija ikhale m'akaunti ya nyumbayo, osati ya munthu, kuti ikagulitsidwa ndalamazo zitsale ndi nyumba.

Wina akalemba kalata kuti akufuna kugulitsa, itanani woyendera nyumba, lembani zofunika kukonza, werengerani mtengo, muchotsepo zimene wogulitsa anasiya zitaonongeka, kenako itanani woyamba pa mndandanda wa odikira. Wogula watsopano asaine lizi yatsopano ya zaka zonse 99, chifukwa mabanki amakana lizi imene yatsala pang'ono kutha. Mndandanda wa odikirawo muziupenda miyezi 6 iliyonse. Mabanja amasamuka, malipiro amasintha, ndipo masiku 60 aja amatha msanga mukamasaka wogula kuyambira pachiyambi.